Aphunzitsi, chifupikitso si lembetso

Mwana wa mlongo wanga ali Fomu 3. Sabata yatha adandipeza pakhonde madzulo, kope lili m'manja, iye ali ndwii.

"Amalume, tandionereni apa. Ndalakwitsa pati?"

Ntchito yake inali yofupikitsa nkhani yaifupi ya m'Chingerezi. Aphunzitsi adawagawira mapepala a fotokope, ndipo pa kasankhidwe ka nkhaniyo ndiwayamike. Adasankha "The Pedestrian" ya Ray Bradbury, mlembi wa ku America, yomwe idatuluka koyamba mu 1951. Ndi kankhani ka masamba atatu kapena anayi, koma ukakawerenga usiku tulo timachedwa.

Tsamba la mwanayu linali psuu ndi inki yofiira. Pansi pake aphunzitsi adalembapo chigamulo cha mawu ochepa, chotanthauza kuti zimene walembazo m'manotsi mulibe.

Ndidaitanitsa manotsiwo, ndipo m'pamene ndidamvetsa mlandu wake. Dzulo lake aphunzitsi adali atalemba kale chifupikitso chawo pabolodi, kalasi yonse n'kukopera. Kutacha adati: fupikitsani nkhaniyi. Amene adabweza zapabolodi adakhoza. Amene adafunsa foni adakhozanso, poti foni ndi bolodi zidayankhula chimodzimodzi. Wolakwa adali amene adawerenga nkhaniyo kawiri n'kulemba zimene adaona ndi maso ake.

Choncho lero ndili ndi inu, aphunzitsi olembetsa chifupikitso. Sindikuloza sukulu imodzi ayi. Muli ponseponse: m'sukulu za boma, m'sukulu zapulaiveti za fizi yoboola thumba, m'makalasi amasana olipiritsa, ndi m'timabuku ta manotsi timene timayalidwa m'mbali mwa msewu pamodzi ndi makandulo. Phunziro limene limakakamiza mwana kuganiza yekha, inu mwalisandutsa lembetso.

Ndipo pa nkhani zonse za pansi pano, mwasankha kuchitira zimenezi nkhani yodandaula kuti anthu afanana ngati njerwa za chikombole chimodzi. Mudaiwerenga koma?

Ndikukumbutseni, mwina fotokope yanu idatuluka yosaoneka bwino.

Ndi usiku wa mwezi wa Novembala m'chaka cha 2053, mumzinda wa anthu 3 miliyoni. Bambo wina dzina lake Leonard Mead watuluka m'nyumba kukayenda. Alibe kumene akupita. Amangokonda kuyenda basi, ndipo wakhala akutero kwa zaka 10 osakumanapo ndi woyenda pansi mnzake ngakhale mmodzi. Anthu onse ali m'nyumba zamdima, maso ali pa kanema. Tinjira ta oyenda pansi tayamba kumera udzu poti palibe wotipondapo.

Atatsala pang'ono kufika kwawo, galimoto ya polisi ikumuthira kuwala kumaso n'kumuimitsa. Mzinda wonsewo watsala ndi galimoto ya polisi imodzi yokha chifukwa umbanda udachepa. Abe ndani, aliyense ali pa kanema? Liwu lachitsulo likumufunsa dzina, ntchito ndi kumene amakhala. Iye akuti ndi mlembi. Galimoto ikulemba kuti alibe ntchito, ndipo sikunamiratu, poti mabuku ndi magazini zidasiya kugulidwa kalekale. Ikumufunsa chimene akuyendera. Akuti akufuna mpweya komanso kuona zinthu. Ikumukumbutsa kuti m'nyumba mwake muli makina a mpweya. Nanga kanema ali nayo? Alibe. Mkazi? Alibe.

Ikumulamula kuti akwere. Posuzumira kumpando wakutsogolo akupeza zimene amayembekezera kale: mulibe munthu. Kumbuyo ndi kachitokosi kachitsulo. Ulendo wake ndi wa ku chipatala cha amisala, kumene amafufuza anthu obwerera ku makhalidwe akale. Panjira akudutsa nyumba imodzi yokha yoyaka magetsi mazenera onse. Mead akuti nyumbayo ndi yake. Palibe womuyankha.

Nkhani yathera pomwepo.

Tsopano imvani zimene zidalembedwa pabolodi, m'Chichewa chake: nkhaniyi ikutiphunzitsa kuti zipangizo zamakono ndi zoipa chifukwa zimachititsa anthu ulesi ndi kuwaletsa kuchezerana, choncho tizizigwiritsa ntchito mosamala.

Ha! Ndiye Bradbury adavutikiranji ndi masamba onsewo? Akadangolemba pachikwangwani n'kukhoma pamtengo wa magetsi.

Chiganizo chimenecho mutha kuchimata pa nkhani iliyonse yokhala ndi waya m'kati, chidzakwana. Mead mulibe. Galimoto yopanda munthu mulibe. Nyumba yowala ija mulibe. Umenewo ndi ulaliki wa pa asembule Lolemba m'mawa, wongoyembekezera kuti belu lilire.

Nanga mwanayu adalemba chiyani chomuitanira inki yofiira? Adalemba za nsapato.

Kumayambiriro kwa nkhani, Bradbury akutiuza kuti Mead adasiya kalekale kuvala nsapato zogogoda poyenda usiku, amavala zofewa. Zogogoda zimadzutsa agalu. Agalu akauwa magetsi amayaka, nkhope zimasuzumira pamazenera, msewu wonse n'kudzidzimuka poona munthu akuyenda yekha. Mwanayu adagwira pamenepo. Adalemba kuti Mead adayamba kubisala kwa anansi ake polisi isanamupeze n'komwe, ndipo kuti oyamba kumumanga adali anthu a mumsewu wake, galimoto idangobwera kudzatola.

Mwana wa Fomu 3 wafukula phata la nkhani. Inu mwaliona ngati chitsotso chogwera pa pepala.

Mukadatha kutsutsana naye, ndipo zikadakoma mukadatero. Mukadamufunsa kuti, iwe, bwanji wasiya zoti bamboyu ndi mlembi? Bwanji sudatchule chipatala? Phunziro likadabadwira pamenepo. Koma maganizo ake simudawatsutse n'komwe. Mudangoyang'ana ngati ali pamndandanda, mudapeza kuti palibe, n'kukhwatcha.

Kodi si zomwezo zimene idachita galimoto ija? Idafunsa ntchito, idamva yankho losapezeka pa makadi ake, idalemba kuti alibe ntchito. Yokhayo tingaikhululukire, munalibe munthu. M'kalasi mwanu timaganiza kuti alimo.

Kufupikitsa nkhani n'chimodzimodzi kupeta. Mtsikana akagwira lichero, mkono wake ndi umene umagamula kuti gaga apite, mphale itsale. Poyamba amataya mphale yambiri pansi, nkhuku n'kumakondwa, amayi ake n'kumakalipa. Koma palibe mayi wanzeru amene amalanda lichero, kupeta yekha, kumupatsa mwana mphale yoyerayera, kenako n'kukauza anzake kuchitsime kuti mwana wanga ndamuphunzitsa kupeta.

Wofupikitsa "The Pedestrian" ali ndi timilandu tambiri togamula yekha. Mead akudutsa nyumba zamdima n'kumazinong'oneza, kuzifunsa kuti usiku uno pa kanema pali chiyani: gaga kapena mphale? Tsamba louma limene akutola panjira n'kulinunkhiza? Fungo la mankhwala la m'kachitokosi? Zoti magalimoto a polisi adali atatu, n'kuchepetsedwa kutsala imodzi m'chaka cha chisankho cha 2052? Mwana sangayankhe ngakhale limodzi mwa mafunso amenewa asanadzifunse funso lalikulu, lakuti nkhaniyi ikunena chiyani kwenikweni. Ntchito yonse ili pamenepo, ndipo ndi ntchito yomweyo imene inu mwamulanda.

Ine ndikadasunga za chisankhozo. Mumzinda uwu anthu amavota. Mulibe wolamulira wankhanza wotchulidwa dzina. Galimoto sikumuuza Mead kuti waphwanya lamulo lakutilakuti, ndipo n'chifukwa chake ulendo wake ukuthera kuchipatala m'malo mwa kukhoti. Munthu wosiyana ndi anzake kumeneko amapimidwa mutu. Mwana wa mlongo wanga zimenezi adazitaya ngati gaga, adasunga nsapato. Zifupikitso zathu sizifanana, koma zonse ziwiri zaima pa nkhani imodzimodziyo, ndipo tikadakhala m'kalasi imodzi tikadakhala ndi chokangana mpaka belu.

Makope a kalasi yonse akafanana liwu ndi liwu, dziwani kuti wawerenga nkhaniyo ndi mmodzi. Mwinanso palibe.

Palinso bodza lina m'chiganizo chapabolodi chija, ndipo Mmalawi wa msinkhu wanga sayenera kulimeza. Akuti makina ndiwo amafananitsa anthu. Zoona zimenezo?

Dziko lino lidakhala lopanda wailesi yakanema yakeyake mpaka 1999. M'zaka za chipani chimodzi kudalibe foni zam'manja, kudalibe intaneti. Koma funsani makolo anu ngati anthu sankafanana. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo. Lamulo la 1973 lidaletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi. Mwamuna wa tsitsi lalitali ankaona zakuda. Khadi la chipani linkafunsidwa pachipata cha msika ndi pokwera basi. Ngodya zinayi tinkaziloweza ngati katekisimu: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Jack Mapanje, mlakatuli komanso mphunzitsi wa ku Chancellor College, adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaonekera kukhoti. Omwe adamutenga adali anthu amoyo, a mayina ndi mabanja awo.

Ife tidafanana popanda batire, popanda netiweki. Chidatifananitsa chinali chikhulupiriro chakuti funso lililonse lili ndi yankho limodzi, ndipo yankholo lili m'thumba mwa wamkulu. Pa 14 Juni 1993 tidavota kukana zimenezo. M'ndale tidazithamangitsa. Zidathawira m'kalasi, zidatola cholembera chofiira, ndipo zikuchonga makope mpaka lero.

Naye Bradbury, amene adamuimitsa adali wapolisi wamoyo. Ankafotokoza kuti usiku wina akuyenda ndi mnzake mumsewu wa Wilshire Boulevard ku Los Angeles, wapolisi adawaimitsa n'kuwafunsa chimene akuchita, chifukwa kuyenda pansi mumzinda wa magalimoto kudaoneka kokayikitsa. Mkwiyo wa usiku umenewo ndiwo udabala nkhaniyi, ndipo nkhaniyi ndiyo idamulozera njira ya buku lake lotchuka la Fahrenheit 451 la 1953, lokamba za ozimitsa moto amene ntchito yawo ndi kuotcha mabuku. Munthuyu sadapondeko ku koleji. Atamaliza sekondale mu 1938 ankagulitsa nyuzipepala pamphambano, maphunziro n'kumawatola yekha mulaibulale. Mpaka imfa yake mu 2012 sadakhalepo ndi laisensi yoyendetsera galimoto.

Mukuganiza kuti akadakhoza m'kalasi mwanu, atapatsidwa nkhani yake yomwe kuti aifupikitse?

Madandaulo ndikuwamva kale. "Inu a m'nyuzipepala kulankhula sikukuvutani. Bwerani mudzaime kutsogolo kwa ana odzaza mpaka pakhomo, buku limodzi pa gulu lonse, silabasi ikuthamanga, malipiro ake omwewa."

Sindikunyoza thukuta lanu. Ndikudziwa kuti chiyambire pulaimale yaulere mu 1994 makalasi adafufuma, ndipo aphunzitsi ambiri akusenza katundu wa anthu atatu. Koma tandiuzani, kulembetsa kumapulumutsa chiyani? Mphindi zimene mumatha mukulemba pabolodi, ana akukopera, ofulumira akudikira ochedwa, wakumbuyo akufunsa kuti liwu lachitatu ndi chiyani, zikadakwana kuti ana awiriawiri avundikire pepala n'kufotokozerana nkhaniyo pakamwa. Zimenezo sizifuna buku lowonjezera. Sizifuna magetsi. Sizidikira thandizo la maiko akunja.

Ndipo luso limeneli si lachilendo kwa ana athu. Mlendo akafika pakhomo amapereka malonje: wanyamuka liti, wasiya bwanji kwawo, wakumana ndi zotani panjira, chamuyendetsa n'chiyani. Wolandira malonjewo amawabwereza mwachidule kwa mwini khomo, akusankha zoyenera kufika m'makutu mwa akulu. Wolongolola amadziwika, wosiya mutu wa nkhani amadziwikanso. Mwana wotumidwa kwa amfumu akabwerako amafunsidwa kuti akuti bwanji, ndipo amadziwa kuti za chifuwa cha amfumu ndi nkhuku zimene zimadutsa pabwalo sizofunika. Mudamvapo mudzi umene malonje amalembedweratu pabolodi mlendo asanafike?

Ana amabwera kusukulu akudziwa kale kufupikitsa. Sukulu ndiyo imawaiwalitsa.

Chimene kulembetsa kumapulumutsa ndi nthawi yochonga. Makope ofanana amachongeka msanga, munthu akumvera mpira pa wailesi. Tinene chilungamo, phindu lake limapita kwa wochonga. Mwana amatsala ndi dzanja lotopa.

Ena mudzati: "Tikukonzekeretsa ana mayeso. A MANEB amafuna mfundo zodziwika."

Mayeso ake ati? Pa funso la chifupikitso mwana amapatsidwa ndime imene sadaionepo, ndipo kulibe bolodi lomulembera dzulo lake. Mwana amene kwa zaka zinayi wakhala akukopera zifupikitso za ena adzagwira mtengo wanji tsiku limenelo? Adzasaka likasa, basi. Mu 2020 mayeso a MSCE adaimitsidwa ali m'kati chifukwa mapepala adabedwa n'kumayenda pa mafoni, ana n'kudzalembanso kumayambiriro kwa 2021. Tidakuwa tonse, tidatukwana akuba. Koma ndani adaphunzitsa anawo kuti yankho ndi chinthu chokhala kwinakwake, chongofunika kuchipeza n'kukopera? Wogula likasa amaleredwa pabolodi panu.

Ndiye pali nyimbo yatsopano ya m'chipinda cha aphunzitsi: vuto ndi mafoni. Ana a masiku ano safuna kuganiza, amangofunsa makina.

N'zoona kuti amafunsa. ChatGPT idatuluka mu Novembala 2022. Mu Epulo 2024 kampani ya Meta idabweretsa makina ake oyankha mafunso ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi maiko ena, m'kati mwa WhatsApp momwemo mmene mwana amachezera ndi anzake. Akalemba dzina la nkhani, chifupikitso chimatuluka asanameze malovu. Chingerezi chake chosalala, masipelo ake olondola, kuposa zambiri zimene zimalembedwa pabolodi.

Koma mukudandaula chiyani makamaka? Kuti mwana wakopera, kapena kuti wakopera kwa wina osati kwa inu? Mwamuphunzitsa kuyambira Fomu 1 kuti ntchito yake ndi kulandira zophikaphika. Lero wapeza khitchini ina yophika msanga, yotsegula usiku ndi usana, yolipiritsa kabandulo chabe, ndiye mwayamba kulalikira za ulesi. Ngati ntchito ya mphunzitsi ndi kugawa zifupikitso, pepani, mwapeza mnzanu wokuposani liwiro, ndipo iye sapempha alawansi.

Makina amenewa amaphunzira ku milu ya zolemba za anthu, ndipo ukawafunsa mwachidule amakonda kubweza yankho lofala, la pakatikati, losakhumudwitsa aliyense. N'chifukwa chake adagwirizana ndi bolodi lanu. Musanyadire nazo.

Ndifunsenso mwaulemu: chifupikitso chapabolodi chija, inuyo mudachitenga kuti? Ndikukayika ngati chidachokera kwa Bradbury. Fungo lake ndi la kabuku ka manotsi, kamene nako kadatapa pa intaneti, kumene wina adatapa kwa wina.

Mngelezi wina, E. M. Forster, adaziona kale zimenezi mu 1909 m'nkhani yake ya "The Machine Stops". Anthu a m'nkhaniyo amakhala pansi pa nthaka, aliyense m'kachipinda kake, makina akuwadyetsa, kuwasambitsa ndi kuwalumikiza ndi anzawo akutali. Mayi wina, Vashti, amakamba maphunziro kwa anthu ambirimbiri osatuluka m'chipinda, pamene mwana wake Kuno akufunitsitsa kukaona kunja ndi maso ake. M'kati mwa nkhaniyo muli katswiri wina amene akuchenjeza omvera ake kuti apewe maganizo obwera chifukwa chodzionera wekha. Akuti abwino ndi odutsa m'manja mwa ena, ndipo akadutsa m'manja khumi ndiye abwino koposa. Wofuna kudziwa mbiri asavutike ndi amene adaiona, amvere amene adamva kwa amene adamva. Omvera akuomba m'manja.

Forster ankaseka. Ife tazitenga ngati ndondomeko ya maphunziro.

Tawerengani manjawo nokha. Bradbury adalemba. Wina kunja adafupikitsa. Wa kabuku adakopera n'kudulako. Aphunzitsi adakopera n'kuwonjezako ulaliki. Mwana adakopera n'kulakwitsako masipelo. Cholembera chofiira chidachonga. Zovala za kaunjika timavala chifukwa zatsopano zidakwera mtengo, zimenezo n'zomveka. Nanga maganizo a kaunjika tikuvaliranji, pamene nkhani yeniyeni ili pa desiki pomwepo, masamba anayi okha, yolipiridwa kale ku fotokope?

Wina andifunsa kuti, ndiye mwana aliyense azingolemba zimene wafuna, ife tizingochonga? Ayi. Chifupikitso cholakwika chilipo. Mwana akalemba kuti Mead adali wakuba, kapena kuti adaphedwa, kapena kuti wapolisi adatuluka m'galimoto n'kumumenya, khwatchani ndithu, inki yofiira idapangidwira zimenezo. Akapitirira chiwerengero cha mawu, dulani malikisi. Akakopera ziganizo za Bradbury zathunthu, mubwezereni. Akaiwala mathero, mufunseni kuti nkhani yopanda mathero adaimva kuti. Muyeso ndi nkhaniyo. Kuti muchonge motero muyenera kuiwerenga nanunso, mwinanso katatu, ndipo ndikuganiza kuti pamenepo m'pamene pagona vuto.

Yesani tsiku limodzi lokha. Iwerengeni mokweza, pang'onopang'ono, kuti amve kuzizira kwa usikuwo. Auzeni avundikire mapepala. Aliyense afotokozere mnzake, m'Chichewa kapena m'Chitumbuka kapena m'Chiyao ngati Chingerezi chikumangika, poti kumvetsa kumayamba, chinenero chimatsatira. Kenako alembe mawu 60 m'Chingerezi. Tengani makope awiri osiyana kwambiri, muwalembe pabolodi mbali ndi mbali, kalasi ikangane kuti wataya mphale ndani. Mudzamva phokoso, ndipo ahedi mwina adzasuzumira pazenera. Musaope, ndi phokoso la anthu amene akugwira ntchito.

Nawonso akuluakulu oyendera sukulu asadzichotsemo. Ngati muyeso wanu wa mphunzitsi wolimbikira ndi kunenepa kwa makope a manotsi, musadabwe aphunzitsi akamanenepetsa makope.

Ifenso makolo tilimo m'mlanduwu, ine ndemwe. Mwana akabwera ndi kope timafunsa kuti wakhoza zingati. Ndani mwa ife amafunsa kuti nkhaniyo imati chiyani? Timagula timabuku ta manotsi ndi ndalama ya ndiwo, tikumva bwino mumtima kuti tamuthandiza. Ine ndidawerenga chifupikitso cha mwana wa mlongo wanga chifukwa chakuti adalakwa. Akadakhoza, ndikadangoti wachita bwino, osatsegula n'komwe tsambalo.

Chaka cha 2053 chinkaoneka kutali kwa Bradbury. Kwa ife chili pakhomo. Mwana amene ali Fomu 3 lero adzakhala atapitirira zaka 40. Adzakhala pa desiki la kuchipatala, pa kauntala ya kupolisi, pa mpando wa woweruza, pa zenera la ofesi ya ziphaso. Kudzabwera munthu ndi nkhani yosapezeka pa fomu: mayi wopanda kalata yoyenera, mlimi wa malire osalembedwa, wodwala wa zizindikiro zosakhala m'buku. Wakumbuyo kwa zenerayo adzayenera kumvetsera nkhani yaitali yosokonekera n'kutolamo chofunika. Chimenecho ndi chifupikitso, ndipo sipadzakhala manotsi. Mukufuna adzachite chiyani? Adzayang'ana pamndandanda, adzapeza kuti palibe, adzati bwerani mawa.

Makina oti atichitire zimenezo sitikuwafuna n'komwe. Tikuwaumba tokha, ovala yunifomu, teremu ndi teremu.

Aphunzitsi, cholembera chofiira chili m'manja mwanu, ndipo ana amachiopa kuposa mmene amaopera ine kapena nyuzipepala ino. Mwana akakubweretserani mfundo imene mulibe m'manotsi, musanakhwatche tsegulani nkhaniyo muone ngati ilimo. Ikapezeka, mupatseni malikisi ake, ndipo muuzeni pamaso pa anzake kuti waona chimene inu simudachione. Simudzachepa nazo.

Mwana wa mlongo wanga ndidamuuza kuti sadalakwitse. Adandiyang'ana ngati mmene ana amayang'anira wamkulu wosadziwa mmene dziko likuyendera.

"Ndamva amalume. Koma malikisi amapereka ndi iwowo."

Aphunzitsi adalola olakwa onse kuti alembenso. Lachisanu adabwera nalo kope lija n'kunditambasulira. Wakhoza zonse, ndipo pansi pake pali liwu lomuyamikira. Za nsapato zija mulibe.